Manja tili nawo, tikusowa rula

Ndege zambiri zolowa m'dziko muno zimatera pa bwalo la Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, m'malire a Lilongwe ndi Dowa. Choncho mwana wa ku Dowa amakula akumva kulira kwa jeti, ndipo mnzake wa m'mapiri a Ntchisi amaiona ikudutsa m'mwamba ngati kakhwangwala koyera. Zomwe anawa amachita akaiona tonse tikuzidziwa. Amatola waya, mapesi, zitini, dothi ndi zidutswa za patapata, n'kupanga yawo ndege ya mapiko, mchira ndi mateyala ogudubuzika. Akuluakulu timaima, n'kunena kuti mwanayu ali ndi luso, basi nkhani yathera pomwepo. Akafika Sitandade 8 timamuuza kuti asiye zidole, agwire makope.

Ine ndikuti pamenepa timataya mainjiniya ambiri. Mwana wopinda waya uja ali nacho kale chinthu chovuta kuphunzitsa: maso oona maonekedwe a chinthu ndi manja omvera maso. Chomwe palibe amene wamupatsa ndi muyeso. Ndege yake amaipanga mongoyerekeza, ndipo palibe womufunsa kuti phikoli likufanana bwanji kutalika ndi la ndege yeniyeni. Pakati pa chidole ndi uinjiniya pali funso limenelo. Ndipo pali masewero ena, omwe kwathu kuno sanafale, amene amamukakamiza munthu kuliyankha tsiku lililonse: kumanga ndi kukonza tindege tapulasitiki takale togulitsidwa m'mabokosi.

Kwa amene simunaonepo, m'bokosimo mumakhala tizidutswa tapulasitiki tambirimbiri, pepala la malangizo ndi timasitika ta zilembo. Ochita masewerowa amalitcha kiti. Umadula tizidutswato, n'kutimata ndi guluu, n'kupenta, mpaka patuluke kandege kofanana ndi ndege yeniyeni. Kampani ya ku Britain ya Airfix inatulutsa kiti yake yoyamba ya ndege, ya Spitfire, m'zaka za m'ma 1950. Pa bokosi lililonse pamalembedwa sikelo. Ndege zankhondo zambiri zimakhala pa 1:72, pomwe zonyamula anthu zimakhala pa 1:144. Tanthauzo lake n'lakuti sentimita imodzi pa kandegeko ikuimira masentimita 144 pa ndege yeniyeni. Munthu wamtali mamita 1.7 atachepetsedwa chomwecho angatsale pang'ono kupitirira sentimita imodzi. Ukaphonya ndi milimita imodzi yokha, pa ndege yeniyeni waphonya ndi masentimita oposa 14.

Kiti yatsopano siphunzitsa zambiri, chifukwa zikombole zake amazijambula pa kompyuta ndipo tizidutswa timangolowana bwinobwino. Yakale ndiye mphunzitsi. Zikombole za m'zaka za m'ma 1960 zinkasemedwa ndi manja, ndipo zinkatha ndi ntchito monga chimathera chikombole cha njerwa. Ukatsegula bokosi lotere umapeza pulasitiki wosefukira m'mphepete mwa tizidutswa, mbali ziwiri za thupi la ndege zosakumana bwino, mizere yotundumuka pomwe ndege yeniyeni ili yosalala, ndi timasitika tomwe tachita chikasu ndi ukalamba. Kuti kaoneke bwino uyenera kupala ndi tupa, kutseka ming'alu ndi phala ngati lomwe amagwiritsa ntchito owongola magalimoto, kukwecha ndi sandipepa, n'kulembanso mizere ija ndi nsonga ya singano motsata rula. Kachidutswa kakasowa kapena kakakhala kolakwika, umadzisemera wekha. Ndipo sungadziwe kuti n'kolakwika usanafufuze zithunzi ndi miyeso ya ndege yeniyeniyo.

Chitsanzo chabwino chili m'mbiri yathu yomwe. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya Air Malawi inali ndi jeti ya mtundu wa Vickers VC10, ya nambala 7Q-YKH, yomwe inkauluka pakati pa Blantyre ndi London. Ndegeyi inali ndi injini zinayi za Rolls-Royce Conway, zonse kumbuyo pafupi ndi mchira, ndipo inapangidwa kuti izitha kunyamuka pa mabwalo afupiafupi, otentha komanso okwera, ngati ambiri a mu Africa muno. Lero kulibe. Inakhala chiimire pa Chileka mpaka inaphwasulidwa. Koma Airfix inatulutsa kiti ya VC10 pa sikelo ya 1:144 m'zaka za m'ma 1960. Ndege yeniyeni inali yaitali mamita pafupifupi 48.4, ndipo mapiko ake ankatambalala mamita 44.5. Gawani ndi 144, mupeza kuti kandegeko kayenera kutalika masentimita 33.6, mapiko masentimita pafupifupi 31. Wofuna kuti kakhale ka Air Malawi ali ndi ntchito ina. Ndege yathuyi inagulidwa kuchokera ku British Caledonian, ndipo inali ndi chitseko chachikulu cha katundu kutsogolo, mbali ya kumanzere. Ayenera kuona pa zithunzi pomwe chinali, kuwerengera kukula kwake pa sikelo, n'kuchilemba yekha, komanso kudzipangira zilembo za kampaniyo. Akamamaliza amakhala wachita masamu, wawerenga mbiri, ndipo wabweza m'maso mwa anthu chinthu chomwe dziko linachitaya.

Palinso phunziro lina lomwe ntchitoyi imapereka mopanda chisoni. Tindege tambiri, ukatimata osaganiza, timakhalira mchira, mphuno ili m'mwamba. Mankhwala ake ndi kuika kanati kapena kamtovu m'mphuno usanatseke thupi. Ukaiwala, guluu wauma, kwatha. Apa munthu amaphunzira ndi manja ake kuti chinthu chilichonse chili ndi pomwe kulemera kwake kumakhazikika, ndipo kuti pa ndege yoima malowo ayenera kukhala kutsogolo kwa mateyala akuluakulu. N'chifukwa chomwecho ogwira ntchito pa bwalo la ndege samangoponya katundu paliponse. Amaphunziranso lamulo la mmisiri aliyense, kaya ndi telala kaya kalipentala: yesa kaye usanadule, lumikiza chouma usanamate. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina anena kuti izi n'zoseweretsa za ana a anthu olemera. Mbiri ya ndege ikutsutsa. Wilbur ndi Orville Wright anayamba kuganiza zouluka bambo awo atawabweretsera kachidole kouluka koyendera mphira mu 1878. Mu 1901, ndege zawo zopanda injini zitakana kuuluka monga ankayembekezera, anapanga bokosi lopemereramo mphepo n'kuyesamo timapiko ting'onoting'ono pafupifupi 200, akulemba zotsatira zake. Ndege yawo ya mu 1903 inachokera mu manambala amenewo. Frank Whittle, amene analembetsa luso lake la injini ya jeti mu 1930, analowa m'gulu lankhondo la Royal Air Force ngati wophunzira umakaniko. Chomwe chinachititsa akuluakulu ake kumuona ndi tindege tomwe ankapanga m'kalabu ya ophunzira, ndipo izi zinathandiza kuti asankhidwe kukaphunzira za uofesala ndi kuyendetsa ndege. Jeti yomwe imalira ku Lumbadzi ili ndi agogo ake mu kalabu ya tindege.

Kwathu kuno nako zitsanzo zilipo. William Kamkwamba anabadwira ku Dowa mu 1987 n'kukulira ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Ana ambiri a msinkhu wake ankatha kuphwasula wailesi. Chomwe chinamusiyanitsa ndi chithunzi ndi zojambula zomwe anazipeza m'buku la mu laibulale yaing'ono, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Luso la manja litakumana ndi chojambula, panatuluka makina amphepo opanga magetsi. Mu 2017, boma ndi UNICEF atatsegula dera loyeserako madroni ku Kasungu, ophunzira a ku Malawi mothandizana ndi a yunivesite ya Virginia Tech anapanga droni yotchedwa EcoSoar kuchokera ku timatabwa tathovu topepuka ndi tizidutswa tosindikizidwa pa makina a 3D. Inauluka makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode mpaka pa bwalo la ndege la Kasungu. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy. Ntchito yopanga droni yotere ndi yomwe ija: kudula motsata chojambula, kumata mowongoka, kuika kulemera pamalo pake.

Taganiziraninso za bambo wina wa m'mudzi wa kumpoto kwa Lilongwe amene atolankhani a kunja analemba za iye mu 2016, akupanga helikopita ndi zitsulo zotola komanso injini ya njinga yamoto. Anthu ena anamuseka, ena anamutama. Magulu onse awiri sanamupatse chomwe mmisiri wotere amafunikira, chomwe ndi munthu wokhala naye pansi ndi pepala n'kuwerengera limodzi kulemera kwa chombocho poyerekeza ndi mphamvu ya injini. Masamu ake ali kale mu silabasi ya MSCE. Ukakulitsa chinthu kakhumi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, malo a phiko lake amakula ka 100, koma kulemera kwake kumakula ka 1,000. N'chifukwa chake kandege kapepala kamauluka mosavuta, koma chimodzimodzi chachikulu ngati ngolo chimakanika. Ambirife tinaloweza lamuloli kuti tikhoze mayeso, monga tinalowezera kuti mapu a jogalafe ali pa sikelo ya 1:50,000, koma sitinaligwirepo ndi manja.

Chotsutsa chachiwiri n'champhamvu kuposa choyamba: makiti sapezeka m'masitolo a ku Mponela kapena pa boma pa Ntchisi. Amachokera kunja, ndipo m'dziko lomwe ndalama zakunja zimasowa ngakhale zogulira mafuta ndi feteleza, kuuza mlimi wa soya wa ku Malomo kuti agulire mwana wake pulasitiki wa ku Britain kungakhale chipongwe. Ndikuvomereza. Amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London atha kupempha kiti imodzi yakale, chifukwa zogwiritsidwapo kale ntchito kapena zosowa tizidutswa zimatsika mtengo, ndipo imodzi ikwanira kalabu yonse kuphunzirirapo. Koma mtima wa nkhaniyi si pulasitikiyo. Ndi khalidwe loyerekeza chomwe wapanga ndi chenicheni, n'kukonza pomwe pasiyana. Khalidwe limeneli silifuna madola.

Tengani Boeing 737-800, mtundu wa jeti womwe umatera ku Lumbadzi kawirikawiri. Ndi yaitali mamita 39.5, ndipo mapiko ake, pamodzi ndi nsonga zopindikira m'mwamba zija, amatambalala mamita 35.8. Pa sikelo ya 1:100 kandege kake kakhala masentimita 39.5 m'litali ndi 35.8 m'mapiko, masamu oti mwana wa Sitandade 7 awatha. Zojambula zoonetsa ndegeyi kuchokera pamwamba, kutsogolo ndi m'mbali zimapezeka pa intaneti, ndipo kusindikiza pepala limodzi sikungagwetse munthu mphwayi. Thupi lingasemedwe ku thabwa lofewa kapena ku thovu loyera lotetezera katundu m'makatoni a mafiriji ndi ma TV. Mapiko angachokere ku katoni kapena chitini chophwanthidwa, injini ku zitsekerero za mabotolo, mateyala ku patapata wakutha. Zida zake ndi rula, lezala, tupa, sandipepa ndi guluu. Mwana amene anazolowera waya apitirize ndi waya wakeyo, koma tsopano aupinde pamwamba pa chojambula.

Chotsutsa chachitatu ndi funso la kholo lililonse: kodi zimenezi zidyetsa munthu? Ndege zomwe Malawi ali nazo n'zowerengeka, ndipo si onse adzagwire ntchito ku bwalo la ndege. Koma munthu wotha kuwerenga chojambula ndi kusunga muyeso amafunika paliponse. Ndi amene amawotcherera chitseko chomwe chimalowa pa felemu popanda kugumula khoma, amakhoma denga losadontha, amayala mapaipi a mthirira motsetsereka bwino m'minda ya m'mapiri. Tonse tinaonapo nyumba yokhota zenera ndi kabati yosatsekeka. Amisiri athu si aulesi. Ambiri anaphunzira ntchito poonerera, ndipo palibe anawazoloweza kukhulupirira tepi kuposa diso. Maphunziro a TEVETA komanso a uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST amayambira pa kujambula kwa muyeso, ndipo wofika kumeneko atapangapo chinthu pa sikelo amakhala wayamba kale ulendo.

Tsono udindo ukugwera ife, anzanga a m'makoleji ndi inu amene mwangomaliza kumene. Ambirife timapita kumudzi pa tchuthi, ena tikuphunzitsa m'ma CDSS podikira ntchito ina. Timadandaula kuti sukulu zakumudzi zilibe malabu, ndipo n'zoona. Koma kalabu ya tindege imangofuna mthunzi wa mtengo, marula angapo ndi munthu mmodzi wodziwa kugawa manambala. Pemphani chilolezo kwa a hedi, sonkhanitsani ana khumi, ndipo atsikana akhalemo, chifukwa chizolowezi chathu chakuti waya ndi wa anyamata chatilanda kale theka la amisiri. Pakutha pa teremu chitani mpikisano, koma wopambana asakhale wa kandege kokongola kwambiri. Akhale amene miyeso yake yayandikira kwambiri ya ndege yeniyeni, ndipo ana omwewo ndiwo ayeze ntchito za anzawo.

M'mera mpoyamba. Mwana amene wamva kuwawa kopeza kuti phiko lake lafupika ndi mamilimita atatu, n'kulidula kachiwiri mpaka likwane, sadzaonanso masamu ngati chilango. Tchuthi chikubwerachi, pomwe mukulongedza shuga ndi sopo wa kunyumba, ikanimonso rula ndi chojambula cha ndege imodzi.