KUTULUKA M'CIPATALA SINDIKO KUCIRA

Abale ndi alongo a nthambi yathu ya Likoswe,

M'kalasi mwanga muli mtsikana wa zaka 12 amene wajomba sukulu milungu itatu. Nditapita kwao ndinampeza alikutembenuza agogo ace pa mphasa. Agogowo anafa ziwalo mbali imodzi cifukwa ca kuthamanga kwa magazi. Atagona m'cipatala masiku angapo anawatulutsa, buku la cipatala kumanja ndi timapepala ta mankhwala. Ana ao ali ku Limbe ndi ku Joni. Mwini mbumba anabwera kamodzi, nati, "Ndi ukalamba umenewu," nabwerera. Nchito yonse yagwera mwana wa Standard 6.

Manyazi amenewa ndi athu tonse.

Timve bwino. Kuthamanga kwa magazi ndi nthenda ya shuga sizitha ngati malungo iai. Mankhwala ace ngakumwa tsiku ndi tsiku, ngakhale munthu alikumva bwino m'thupi. Akatha, wina ayenera kulipira kabaza kupita ku Nguludi kapena ku Boma kukatenga ena. Wodwala wosatha kudzuka afunika kumtembenuza maola awiri ali onse, apo ai atuluka zilonda zimene zingathe kumupha. Ndiwo zace zicepe mcere. Wa shuga mapazi ace aonedwe masiku onse. Kodi zonsezi ndi nchito ya mwana mmodzi?

Ena ati boma liribe ndarama, ndipo za kumudzi nzosatheka. Ife a Chiradzulu sitingabvomereze mau amenewo. M'caka ca 2001 madokotala a MSF anayamba kupereka ma ARV kuno kwathu, pamene ambiri anali kunena kuti munthu wa kumudzi sangasunge mankhwala a moyo wonse. Patapita zaka zocepa mankhwalawo anafika ku zipatala zazing'ono, anamwino nayamba kuwapereka, ndipo anthu amene tinali titawalira kale lero alikulima. Cimene cinatheka pa Edzi cilekeranji pa nthenda za agogo athu?

Ndipo inu amene mukanong'ona kuti nkhalamba yosafa msanga iri ndi mankhwala ace, lekani! Lamulo la 1911 liletsa kunenera munthu ufiti, ndipo m'caka ca 2024 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loteteza okalamba. Wodwala amene lilime lace lauma sangathe kudziyankhira, timuyankhire ndife.

Koma lamulo la pa pepala silitembenuza munthu pa mphasa. Cifukwa cace nthambi yathu ifuna izi:

1. Cipatala cisatulutse wokalamba wobvutika cotere cisanaphunzitse wacibale wamkulu kasamalidwe kace, ndi kudziwitsa mlangizi wa za umoyo wa mudzi wace.

2. Khonsolo ya Chiradzulu ione kuti mankhwala a magazi ndi a shuga apezeka ku zipatala zazing'ono mwezi ndi mwezi.

3. Mafumu aonetsetse kuti pakhomo potere pasadumphidwe polemba maina a Mtukula Pakhomo.

4. Ife eni ace tilembe maina a okalamba onse odwalira panyumba, ndipo tigawane masiku: wina madzi, wina nkhuni, wina njinga. Amuna, musati iyi ndi nchito ya amai. Kunyamula munthu wamkulu kufuna mphamvu zanu.

Pamene namondwe wa Freddy anakokolola mudzi wa Ntauchira mu March 2023, sitinadikire kalata ya ku Lilongwe; tinatenga makasu ndi kuthamanga. Tsoka la nkhalamba yogona m'nyumba liribe phokoso, koma ndi tsoka ndithu. Pa maliro timasonkha ufa ndi nkhuni mosacedwa. Bwanji osasonkha munthu akali moyo?

Mtsikana uja ndimfuna m'kalasi Lolemba. Bwerani ku msonkhano wa Loweruka masana, ali yense ndi dzina la wodwala wa m'mudzi mwace ndi tsiku limene angathe kupereka.

Ine wanu,
Mlembi wa Nthambi, Likoswe.