Kandodo Kamasintha Manja, Gulu Limakhala

Awerengi, amene mudaimbako kwaya mukudziwa kuti kwayamasitala akasokoneza manja, nyimbo yonse imabalalika. Tsono taganizani anthu pafupifupi 90, ena ndi mavayolini, ena malipenga, ena zitoliro ndi ng'oma, onse maso ali pa munthu mmodzi wogwira kandodo. Iyeyo saliza chida chilichonse. Ntchito yake ndi kuonetsa poyambira, liwiro la nyimbo, pokweza ndi potsitsa. Ntchito yaikulu amaigwira pokonzekera, anthu asanabwere kudzamvera.

Gulu lotere lilipo mu mzinda wa Birmingham ku England, ndipo dzina lake ndi City of Birmingham Symphony Orchestra. Lidayamba mu 1920 mothandizidwa ndi ndalama za khonsolo ya mzindawo. Mbiri yake siidali yosalala nthawi zonse. Mu 1978, mtsogoleri wake Louis Frémaux wa ku France adatula pansi udindo atasemphana maganizo ndi oimba. Luso adali nalo, koma kukhulupirirana kudali kutatha.

Zitatero, akuluakulu a gululi adachita zimene ambiri sakadayerekeza. Mu 1980 adapereka kandodo kwa Simon Rattle, mnyamata wa zaka 25. Iye adakhala pa udindowo zaka 18, nakweza gulu la mzinda wa mafakitale mpaka kutchuka pa dziko lonse. M'nthawi yake, mu 1991, mzindawo udatsegula holo yatsopano yoimbiramo ya Symphony Hall. Adachoka mu 1998, ndipo mu 2002 adakatsogolera gulu lotchuka la ku Berlin.

Kuchoka kwake sikudagwetse nyumba. Adalowa Sakari Oramo wa ku Finland mpaka 2008. Kenaka Andris Nelsons wa ku Latvia, amene adasankhidwa asanakwanitse zaka 30, adatsogolera mpaka 2015. Mu 2016 adasankha Mirga Gražinytė-Tyla wa ku Lithuania ali ndi zaka 29, mayi woyamba kukhala pa mpandowu. Mu 2023 kandodo kadapita kwa Kazuki Yamada wa ku Japan.

Chinsinsi chake nchiyani? Gululi silidikira kuti munthu ayambe watchuka. Limamuitana ngati mlendo, ayendetse nyimbo kangapo, oimba amuone mmene amamvera ndi mmene amadzudzulira. Akakhutira, amamupatsa mpando. Akakula nafunidwa kwina, amamulola apite mwaulemu. Oimba, amene ena a iwo amakhalamo zaka makumi angapo, ndiwo amasunga mwambo wa gulu.

Mayeso sadathe. Mu 2023 khonsolo ya Birmingham idalengeza kuti chuma chake chasokonekera, ndipo mu 2024 idaganiza zodula thandizo la magulu a zaluso, kuphatikizapo gululi. Apa kandodo kokha sikangathandize. Pafunikanso oyang'anira za ndalama odziwa ntchito, ndi anthu a mumzinda amene amaliona gululo ngati lawo.

Ifenso tili ndi makalabu ndi makomiti amene amafa tsiku limene wapampando wasamuka. Ena amafa pang'onopang'ono chifukwa wapampando sasamuka konse. Tidzifunse: kodi pa msonkhano wathu wapitawu, ndi wachinyamata uti amene tidamulola kuti ayendetse zokambirana ife tikumuona? Ngati palibe, tsiku losintha manja likadzafika, kandodo kadzagwera pansi.