Kodi N'koyenera Kudzipangira Tokha Zida za Kathirakitala?

Alimi anzanga, pa zaka zapitazi tayamba kuona timathirakitala ta mawilo awiri, timene ena amati pawatila, m'makalabu ena ndi m'maesiteti a m'chigwa chino cha Bwanje. Nthawi zambiri kathirakitala kotere kamabwera ndi chida chimodzi chokha, chija chozungulira chotipula dothi, mwina ndi pulawo yaing'ono. Chida chotipulacho chimathandiza kwambiri m'minda ya mpunga. Koma ife kuno ku Sharpevale timalima pa mizere chimanga, thonje, mtedza ndi nandolo. Motero makina ogulidwa ndi ndalama zambiri amagwira ntchito masabata owerengeka okha, kenaka amakagona m'shedi chaka chonse, nkhuku n'kumaikira mazira kunsi kwake.

Pa msonkhano wa kalabu ina bambo wina anandifunsa kuti, "Alangizi, kodi tikapita kwa owotcherera kuti atipangire khasu la mizere ndi ngolo, sitiwononga makinawa?" Tsiku limenelo ndinayankha mwachidule chifukwa dzuwa linali litapendeka. Lero ndifuna ndiyankhe bwino. Maganizo anga ndi akuti pangani. Koma muyambe ndi muyeso, kuwotcherera kubwere pambuyo.

Ndikudziwa kuti alipo ena, ngakhale pakati pa ife alangizi, amene amati chida chilichonse chizichokera kufakitale. Mawu awo ali ndi nzeru, pakuti chida chakufakitale chinayesedwa kale. Koma tiyeni tione mmene zinthu zilili. Ogulitsa zida zimenezi ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo zambiri amaziitanitsa kunja. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zitsulo zakunja inakwera nthawi yomweyo. Kumuuza mlimi wa ku Kasinje kuti adikire chida chakunja n'chimodzimodzi kumuuza kuti apitirize kuunga mizere ndi khasu lamanja, kathirakitala kali kumuyang'ana.

Ndiponso kusintha chida kuti chigwirizane ndi munda wathu si chinthu chachilendo. Anzathu a ku Zambia, ku malo ofufuzira zaulimi a Magoye, anapanga chitsulo chong'amba nthaka chimene amachimanga pa mtanda wa pulawo ya ng'ombe wamba. Amangomasula khasu lotembenuza dothi lija n'kuikapo chong'ambacho. Sanayambe ndi makina atsopano ayi, anayamba ndi chimene mlimi anali nacho kale pakhomo. Ifenso tili nazo. M'midzi yambiri muno muli mapulawo ndi makasu a mizere okokedwa ndi ng'ombe, ena a iwo opangidwa ndi Agrimal ku Blantyre, amene akungochita dzimbiri kuseri kwa nkhokwe chifukwa ng'ombe zinatha, zina kubedwa, zina kugulitsidwa pa njala. Chitsulo chake n'chabwino kuposa chimene mungagule pa msika lero. Khasu lotero ndilo loyambira.

Tsopano mvetserani pamene pagona vuto. Makasu a mizere akalewo anapangidwa nthawi imene tinkaunga mizere yotalikirana mapazi atatu, ndiye kuti masentimita 90, ndi kubzala mbewu zitatu pa phando. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene njira ya Sasakawa inafika, malangizo a chimanga ndi akuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Pa muyeso umenewu hekitala imodzi imatenga mapesi 53,333. Mukabzala mbewu imodziimodzi chimodzimodzi koma pa mizere ya masentimita 90, mapesi amatsika kufika pa 44,444. Kusiyana kwake ndi mapesi pafupifupi 8,900 pa hekitala, kapena 3,600 pa ekala. Feteleza mwathira yemweyo, dizilo mwawotcha, koma chimanga 3,600 pa ekala iliyonse mwachitaya mvula isanagwe n'komwe.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Kalabu ina inamangirira khasu lakale ku kathirakitala kawo, ndipo ntchito inayenda mofulumira kotero kuti anthu anabwera kudzaonerera. Mizere inali yokongola, yaikulu ngati ya mbatata. Nditafika ndi tepi ndinapeza kuti ina ndi ya masentimita 90, ina yapitirira mita, chifukwa woyendetsa ankangoyeza ndi maso. Palibe anakondwa nane tsiku limenelo. Mayi wina anachita kunena kuti alangizi amadana ndi chitukuko. Koma pokolola anaona okha.

N'chifukwa chake ndikuti chida choyamba kupanga chisakhale khasu kapena ngolo, koma cholembera mzere. N'chosavuta ndipo n'chotsika mtengo. Ndi kachitsulo kopingasa kamene kamamangidwa pa mtanda wa khasu, kotuluka m'mbali masentimita 75 kuchokera pakati pa khasulo, ndipo kumapeto kwake kuli msomali waukulu kapena kachidutswa ka tcheni kokwekwereza pansi. Pamene mukuunga mzere uno, kachitsuloko kakukanda pamene khasu lidzadutse pobwerera. Kakhale kotembenuzika, kuti mukafika kumapeto kwa munda mukagwetsere mbali inayo. Boolaninso mabowo angapo m'litali mwake kuti muzitha kusuntha msomali mukafuna kuunga mizere ya mbewu ina. Mapiko a khasu lakalelo nawonso afunika kuwabweza pang'ono kuti asamaponye dothi patali. Ngati ali ndi kachitsulo kotsegulira ndi kutsekera, ingotsekani. Ngati alibe, uzani wowotcherera aikepo. Musaiwalenso kuyeza mpata wa pakati pa mawilo. Pa makina ambiri mawilo amasunthika pa ekiselo, ndipo muyenera kuwaika pamene sadzaponda mzere umene mwaunga kumene.

Kunena za pomangirira, lamulo langa ndi limodzi: musawotcherere kanthu kalikonse pa thupi la kathirakitala. Bokosi la magiya pa makina ambiri ndi la chitsulo chosungunula, chonga cha ayironi yamakala. Chitsulo chotero sichipindika, chimangosweka, ndipo sichigwira bwino ndi ndodo zowotcherera wamba. Likang'ambika bokosilo, makina onse aima. Kumbuyo kwake kuli kale malo olowetsa pini. Chida chanu chikalowe pamenepo, ndipo chizichoka pongosolola pini. Inu a m'maesiteti, amene makina si anu, mawu awa akukhudzani koposa. Musaboole kapena kusintha kanthu mwini wake asanavomere pamaso pa mboni, chifukwa likasweka bokosi mtengo wake adzafuna kuudula pa malipiro anu.

Pali nzeru ina imene owotcherera ambiri amaikana poyamba. Iwo amanyadira chinthu cholimba chosathyoka. Koma minda yathu ili ndi zitsa ndi mizu yobisika, ndipo dothi lamakande la m'chigwa muno likauma limalimba ngati njerwa. Ng'ombe ikamva kuti khasu lakodwa imaima yokha. Injini siima. Khasu likakodwa pa chitsa pali chimene chiyenera kugonja, ndipo ndi bwino chigonje chotsika mtengo. Tsono pamene mwendo wa khasu ukumana ndi mtanda mangani ndi mabawuti awiri, lina lalikulu lolimba, lina laling'ono la chitsulo chofewa. Mukagunda chitsa laling'onolo limaduka, khasu limapendekera m'mbuyo, inu n'kuika lina. Yendani ndi mabawuti otero asanu m'thumba. Tsiku limene mudzatope nawo n'kuikapo bawuti lolimba la galimoto, dziwani kuti chotsatira kuthyoka ndi chodula.

Sipuling'i yakale ya galimoto ndi chitsulo chabwino kwambiri chopangira mano opalira ndi nsonga yong'ambira nthaka, makamaka m'minda imene pansi pa mizere panagwirana chifukwa khasu lamanja lakhala likulekezera pamodzimodzi zaka zambiri. Koma sipuling'i ikawotchereredwa mwachisawawa imathetheka pafupi ndi powotchererapo. Ndi bwino kuifewetsa pa moto, kuiboola, ndi kuimanga ndi mabawuti. Apa wosula makasu wa m'mudzi amaposa mnyamata wa makina owotcherera, ndipo si chamanyazi kupita kwa onse awiri.

Ngolo ndiyo imene aliyense amaifuna, ndipo mpake. Ndi ngolo kathirakitala kamagwira ntchito chaka chonse: kututa manyowa, kutenga feteleza, kunyamula mabelo a thonje ndi matumba a chimanga kupita ku msika, ngakhale kutengera wodwala ku chipatala usiku. Kalabu imene ili ndi ngolo imapeza ya dizilo pochita maganyu. Koma ngoloyo ndiyonso imene ndimaiopa kuposa zida zonse.

Tsiku lina ndinakwera pa ngolo yopangidwa kuno konkuno, itadzaza matumba, tikutsikira ku kamtsinje kena. Ngoloyo inalibe buleki. Katundu anayamba kukankha makina kuchokera kumbuyo. Woyendetsa pofuna kukhotera kumanzere anafinya kachogwirira ka kumanzere monga amachitira m'munda, koma makina anathamangira kumanja, ndipo tinakathera m'matope, mawilo m'mwamba. Mwamwayi palibe anathyoka, koma matumba awiri anaphulikira m'madzi. Chimene chinachitika ndi ichi. Makina ambiri otere amakhota pomasula wilo limodzi ku injini. Pamalo osalala wilo lomasulidwalo limatsalira, ndipo makina amakhotera mbali yomweyo. Koma potsetsereka, katundu akamakankha, injini ndiyo imakhala ikugwira mawilo kuti asathamange. Wilo limene mwamasula limathamanga kuposa linzake, ndipo makina amakhotera mbali imene simunafune. Woyendetsa aliyense ayenera kuzidziwa zimenezi asanakhale pa mpando. Potsika, lowetsani giya yaing'ono musanayambe kutsetsereka, musachotse giya pakati pa njira, ndipo khotani pokankha mahandulo ndi manja, osati pofinya tizogwirira tija.

Choncho ngolo yopanda buleki musailandire, ngakhale wowotcherera akuchotsereni mtengo. Pofuna ekiselo, funani ya kumbuyo kwa galimoto yaing'ono imene idakali ndi mabuleki ake a m'madiramu, kuti alumikize ku chopondera pafupi ndi phazi la woyendetsa. Ekiseloyo ikhale chakumbuyo pang'ono kwa pakati pa ngolo, kuti kulemera kwina kutsamire pa mawilo a kathirakitala. Ikakhala patsogolo kwambiri, ngolo imanyamula makina m'mwamba ndipo mawilo amangoterereka. Bokosi lisakhale lalikulu. Ndaona kuti bokosi likakula, anthu amalidzaza basi, kaya makina angathe kaya ayi. Ndipo popeza ambiri mudzayenda nayo pa msewu wa M5, pamene malole ochokera ku Balaka ndi ku Salima amathamanga usiku, matani zonyezimira zofiira kumbuyo kwake.

Zilipo zida zina zimene ndikuti musapange. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mipeni ya chotipula chozungulira gulani yakufakitale, chifukwa mpeni wowotcherera ukathyoka uli pa liwiro umauluka kulunjika miyendo ya woyendetsa. Chopopera mankhwala a thonje nachonso musayese kulumikiza nokha ndi mapaipi otola. Simungadziwe kuchuluka kwa mankhwala amene akutuluka, ndipo mudzawotcha mbewu, kapena kupopera mochepa mbozi n'kumakula, kapena kudzithira nokha poizoni. Chopukusira chimanga kapena pampu ya madzi yoyendera lamba wa injini mukhoza kulumikiza, koma lamba ndi gudumu lake zitsekedwe ndi lata kapena sefa yolimba. Pa ntchito yopukusa pamakhala amayi ovala zitenje ndi ana ongoyendayenda, ndipo lamba sasankha.

Za nthawi. Chaka chilichonse anthu amakumbukira makasu awo mitambo itayamba kuda mu November. Pamenepo owotcherera a pa Sharpevale, pa Bilila ndi ku Balaka amakhala ndi ntchito yambiri, magetsi akazima mzere umatalika, ndipo chida chimapangidwa mothamanga. Pitani mu July kapena August, mutangogulitsa mbewu, ndalama zikadali m'manja. Tengani kathirakitala komweko kuti wowotcherera ayeze pa makina enieniwo, asamangomva za m'kamwa. Muuzeni ayambe wangogwiriziza zitsulo pang'onopang'ono, mukayese m'munda, ndipo mukabwerako ndi pamene amalize. Poyesapo yang'anani mmene khasu likuyendera. Likamazika mphuno pansi ndiye kuti mwakokera pamwamba kwambiri, likamayandama mwakokera pansi kwambiri. Mabowo atatu kapena anayi oimirira pa chomangiriracho amathetsa vuto limeneli popanda kudulanso chitsulo.

Kalabu imene yapanga chida chimene chayenda bwino isabise. Jambulani pa pepala, lembani miyeso yake yonse, ndipo mundipatse kuti ndikaonetse makalabu ena. Chimene chakanika mundiuzenso, pakuti nachonso n'chofunika kuti anzanu asataye ndalama pa njira yomweyo. Amene muli kale ndi khasu la mizere lomangirira ku kathirakitala, ndiitaneni musanayambe kuunga. Ndidzabwera ndi tepi. Ngati njinga yanga yandichedwetsa, dulani kandodo kowongoka ka masentimita 75, ungani mizere isanu, ndipo muyeze kuchokera pamsana pa mzere wina kufika pamsana pa unzake musanapitirize munda wonse.