Tisankhe Kanema Amene Tingathe Kumpanga

Anzanga ndi aphunzitsi athu olemekezeka, ife a Fomu 3 tapatsidwa ntchito yopanga chiyambi cha kanema cha mphindi ziwiri zokha, ndipo chidzaonetsedwa pamaso pa sukulu yonse tsiku lotsekera. Tsono pabuka mkangano pa za mtundu wa kanema umene tisankhe. Ambiri akuti tipange woopsa, wa mizukwa ndi magazi. Ena afuna wa ndewu ndi mfuti. Ine ndikuti tipange kanema wa moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo ndipempha kuti mumve zifukwa zanga tisanakweze manja.

Poyamba tidzifunse: kodi chiyambi cha kanema ntchito yake n'chiyani? Ine ndiona ntchito zitatu. Chitionetse malo, chitionetse munthu amene tidzamtsate, ndiponso chitisiyire funso limene lidzatikhazika pampando kufikira pothera. Chikapanda kuchita zitatuzi chalephera, kaya chikhale ndi phokoso lotani.

Masabata apitawa aphunzitsi anationetsa ziyambi zingapo zopangidwa ndi ana a sukulu a ku England. Zambiri zinali za mtundu woopsa, ndipo zinafanana ngati mazira a nkhuku imodzi: mtsikana ayenda yekha m'nkhalango, amva kuthyoka kwa kamtengo, acheuka, naona munthu wophimba nkhope. Kodi alipo amene anachita mantha? Iai, tinangoseka. Chifukwa chake n'chakuti mtsikanayo sitinamdziwe, kumene achokera ndi kumene apita sitinauzidwe. Munthu umamdera nkhawa ukayamba wamdziwa.

Anzanga okonda zoopsa amatchula Jaws, kanema amene Steven Spielberg anatulutsa mu 1975. Indedi chiyambi chake n'choopsa, koma taonetsetsani. M'chiyambi chonsecho nsomba yolusa ija, shaki, sioneka n'komwe. Chimene chiumitsa thupi ndi nyimbo ya John Williams, pamodzi ndi luso lojambula madzi mu mdima. Nanga ife tili ndi chiyani? Tili ndi foni imodzi yobwereka. Foni ikajambula usiku chithunzi chimachita mbuu, ndipo mphepo ikaomba mawu samveka. Magazi a tomato nawonso aliyense adzawazindikira. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Tsono taonani chimene anachita Vittorio De Sica wa ku Italy mu 1948, m'kanema wotchedwa Bicycle Thieves. Iye sanatenge akatswiri a zisudzo. Amene anasewera ngati bambo m'nkhaniyo, Lamberto Maggiorani, anali wantchito wa m'fakitale. Kanemayo ayamba ndi khamu la amuna osowa ntchito mu mzinda wa Rome. Mmodzi aitanidwa napatsidwa ntchito yomata mapepala a malonda m'makoma, koma auzidwa kuti popanda njinga ntchito palibe. Njinga yake ili pa pinyolo. M'mphindi zochepa tadziwa malo, tadziwa munthu, ndipo funso latigwira: kodi njingayo aiombola ndi chiyani? Mkazi wake ayalula nsalu za pabedi nakazipinyolitsa. Mulibe mfuti, mulibe mzukwa, koma kanemayo aphunzitsidwabe m'masukulu a kanema kufikira lero.

Chitsanzo china n'cha kwathu konkuno. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, kanema wa mbiri ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Anajambulidwa m'Malawi muno, ndipo mawu ambiri ndi a Chichewa. Mdani m'kanemayo ndi njala ya 2001 ndi 2002, ndiponso kusowa kwa ndalama za sukulu. Ngati anthu a maiko akutali anakhudzidwa ndi mnyamata wochotsedwa m'kalasi chifukwa cha fizi, nanga ife tichitirenji manyazi ndi nkhani zathu?

Ena adzati moyo wa tsiku ndi tsiku ndi wogwetsa ulesi, ndipo anzathu adzaodzera m'holo. Mawu amenewa ali ndi nzeru, pakuti tikangojambula munthu akudzuka, akusamba, akumwa phala, ndithu adzaodzera. Koma cholakwa pamenepo si mtundu wa kanema ai; ndi kusowa kwa funso. Tiikemo vuto msanga, m'theka loyamba la mphindi.

Ganizo langa ndi ili. Ndi m'mawa wa tsiku lotsiriza kulipira ndalama za mayeso. Mnyamata wa Fomu 4 atsegula sutikesi yake m'chipinda chogona, atulutsa envelopu imene amake anampatsa atagulitsa mbuzi, naipeza yopanda kanthu. Anzake atatu ali momwemo, ndipo mmodzi sakumuyang'ana m'maso. Belu lilira. Mphindi ziwiri zathera pomwepo. Chipinda tili nacho, sutikesi tili nayo, dzuwa la m'mawa ndi nyale yaulere, ndipo palibe mmodzi mwa ife amene sadziwa mantha a mnyamata ameneyo.

Chotero anzanga, Lachisanu pokweza manja, aliyense aganize za tsiku limene sukulu yonse idzakhale m'holo kuonera ntchito ya manja athu. Kuli bwino atifunse kuti, "Nanga ndalamazo anatenga ndani?" kusiyana ndi kuti atiseke chifukwa cha tomato.

Wophunzira wa Fomu 3