Nyumba ya Dothi Si Umphaŵi

Ambiri amayesa kuti nyumba yeniyeni ndi ya njerwa zootcha, osaŵerengera nkhalango zimene zathera m'mauvuni. Komatu dothi losaotcha limamanganso nyumba yolimba.

Nader Khalili, mmisiri wa ku Iran amene adayambitsa sukulu ya Cal-Earth ku California mu 1991, adaphunzitsa kuthira dothi lachinyezi m'matumba, kuwasanja ngati njerwa, kusinja mzere uliwonse, ndi kuyala waya waminga pakati kuti matumbawo asaterereke. Pomaliza khoma limamatidwa, pakuti dzuŵa limafumbutsa matumba.

Nzeruyi ndi mbale wa mdindo wa makolo. Mdani wake ndi madzi; choncho maziko akwere, denga litambalale. Wotsiriza sukulu amene ali ndi khasu asakalambire m'gowelo podikira ndalama za simenti.