Zikomo, Mayi Nawal El Saadawi

Mayi Nawal,

Mudatisiya pa 21 Marichi 2021 ku Cairo muli ndi zaka 89, ndipo ine sindidakhale nawo pa maliro. Landirani kalata ino ngati chipepeso chochedwa. Chiarabu chanu sindichimva. Ine ndi inu tidakumanira m'Chingerezi cha omasulira, ngati alendo awiri ousa mvula pakhonde la eni.

Zikomo chifukwa cha Firdaus. Buku lanu la Woman at Point Zero lidandipeza ndikuphunzira unamwino, lilibe chikuto, litadutsa m'manja ambiri. Ndidaliwerenga usiku umodzi. Mayi uja mudamupeza m'ndende ya Qanatir akudikira chingwe chifukwa chopha mwamuna yemwe ankadya ndalama za thupi lake, ndipo adakana kupempha chikhululukiro kwa pulezidenti. Bambo ake, amalume ake, nkhalamba imene adamukwatitsako, wapolisi wa mumsewu, aliyense adabudulako nthuli yake. Kutacha ndidapita ku wodi ya amayi. Mayi wina wotupa diso adandiuza kuti wagunda chitseko. Dzana lake ndikadangomanga bandeji. Tsiku limenelo ndidakoka mpando n'kukhala naye pansi.

Zikomo pondionetsa mafuwa. Ndinkaganiza kuti vuto ndi mwamuna woipa mtima, mmodzimmodzi, woti ankhoswe akamudzudzula asintha. Inu mudati tiyang'ane pansi pa mphika. Ulamuliro wa abambo wakhala pa banja, pa chipembedzo monga amachimasulira amuna, ndi pa boma ndi malamulo ake, ndipo nkhuni zosonkhezera moto ndi chuma. Kupatsa amayi mipando ingapo ku nyumba ya malamulo n'kwabwino, koma kuli ngati kusintha chivundikiro mafuwa ali pomwepo. N'chifukwa chake ankati mumapyola malire. Simunkapempha kuti akuwonjezereni nsima. Munkafunsa kuti adakhazika mphikawo ndani.

Ndikukumbukira bafa lija la mu The Hidden Face of Eve, buku la 1977. Mudali ndi zaka 6 pamene adakunyamulani usiku kukakuchitani mdulidwe. Mudalira kuitana amayi anu, n'kupeza kuti ali pomwepo, akumwetulira limodzi ndi alendowo. Zikomo kuti simudawatemberere. Mudadziwa kuti nawonso adagonapo pansi potero. Ndime imeneyo ndiyo idandiyanjanitsa ndi azakhali anga, amene pa chilangizo changa adandigwira dzanja mwachikondi nandiuza kuti banja ndi kupirira. Ndidawasungira mkwiyo zaka zingapo. Pano ndimaona kuti adandipatsa chimene iwo adapatsidwa, poti china adalibe.

Ndivomere kuti ndidayamba ndakutsutsani. Kwathu n'kwa chikamwini. Munda ndi wa amayi, ana ndi a kuchikazi, mwamuna amachita kubwera. Ndinkati za ku Egypt n'za ku Egypt. Koma mchemwali wanga atathawa zibakera, amene adakhala pansi pa mtengo kuweruza nkhani yake adali ankhoswe awiri ndi mwinimbumba, amuna okhaokha. Iye adakhala pa mphasa chapatali, akumva za moyo wake ngati nkhani ya pa wailesi. Adamuuza kuti awalandirenso alamu. Apo ndidagonja.

Zikomo pondipatsa poyankhira. Ndikatsegula pakamwa, pali ena amafulumira kunena kuti amenewo ndi maganizo a azungu. Inde, Kate Millett adatulutsa Sexual Politics ku America mu 1970, ndipo ndimamulemekeza. Koma inu mudabadwira m'mudzi wa Kafr Tahla m'mbali mwa Nile mu 1931, mudamaliza udokotala ku Cairo mu 1955, ndipo zimene mudalemba mudaziona m'matupi a amayi akumudzi amene munkawachiza. Azungu ofuna kukumverani chisoni simudawanyengererenso. Munkawakumbutsa za atsamunda, za nkhondo ndi za malonda awo.

Mtengo wake mudalipira nokha. Buku la Women and Sex lidakuchotsetsani ntchito ku unduna wa zaumoyo mu 1972. Bungwe lanu la Arab Women's Solidarity Association boma lidalitseka mu 1991. Dzina lanu litalowa pa mndandanda wa oyenera kuphedwa mudakabisala ku Duke University ku America, ndipo mu 2001 loya wina adapempha khoti kuti likulekanitseni ndi amuna anu, a Sherif Hetata, ati mwataya chipembedzo. Mlanduwo udagwa. Egypt idaletsa mdulidwe wa atsikana mu 2008, mutafuula zaka zoposa makumi atatu.

Koma chimene ndimachikonda koposa ndi cha mu 1981. Pulezidenti Anwar Sadat adakutsekerani m'Qanatir momwemo, m'mene mudapezamo Firdaus kale muja. Adakumanani cholembera ndi pepala. Mkaidi mnzanu adakupezerani pensulo yolembera nsidze, inu n'kumalemba pa mapepala a kuchimbudzi. Sadat adaphedwa mu Okotobala, inu mudatuluka, ndipo zolemba zija zidasanduka buku.

Pensulo imeneyo ndiyo ndikhululukira nayo lilime lanu. Munkati zodzoladzola za kumaso nazonso ndi nsalu yophimba nkhope ya mkazi. Mayi, ine milomo ndimapaka, ndipo Lamulungu ndimapakanso kwambiri. Ndimangodziuza kuti chikhala mnzanu uja adamvera uphungu wanu, bwenzi mulibe cholembera.

China chimandilemera kuposa pamenepo. Mu 2011 mudali pa zionetsero za ku Tahrir Square, imvi zili mbuu, pakati pa ana oti ndi adzukulu anu. Koma mu 2013, asilikali atachotsa pulezidenti Mohamed Morsi, mudati kumeneko sikulanda boma koma kufuna kwa anthu. Ndikumvetsa chimene munkaopa, poti anthu onyamula chipembedzo ngati chikwanje adakusakanipo. Komabe ndende zidadzazanso, ndipo amayi adalowamo. Sindikuimbani mlandu. Ndikungokuuzani monga mwana amauzira mayi ake kuti ndiwo zalowa mchere.

Zikomo, pomaliza, chifukwa cha dzina la Zaynab. Mudasimba mu A Daughter of Isis kuti mutangophunzira kulemba mudaika dzina la amayi anu pambali pa lanu, bambo anu n'kulifafaniza, kuikapo lawo. Kuno kumene timati ana ndi a kuchikazi, chiphaso changa, satifiketi yanga ndi baji ya pa yunifolomu yanga zonse zili ndi dzina la bambo. Pa envulopu ya kalata ino ndalembapo langa ndi la amayi anga.