Mwana wa ku Angónia ayambe kuwerenga m'Chichewa

Chaka cha sukulu chikamatha ku Mozambique, makolo a ku Ulongué, Dómuè ndi Calómuè amakaunjikana pakhoma la sukulu kuona pauta, pepala lija limasonyeza amene wakhoza ndi amene walephera. Ana ambiri amakhala kuti akhoza. Koma mwana wokhozayo, wa kalasi yachitatu, akapatsidwa kalata yochokera kwa amalume ake a ku Beira kuti awawerengere agogo, amangozyolika, chala chili pa liwu loyamba.

Boma likudziwa bwino za vutoli. Pa kafukufuku wa dziko lonse wa 2013, ana a kalasi yachitatu 6.3 okha pa 100 alionse ndiwo ankawerenga pa mlingo woyenera, ndipo mu 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika 4.9. Mmenemo muli ndi ana a ku Maputo omwe amayankhula Chipwitikizi kunyumba. Nanga a kumapiri a Angónia?

Zifukwa zilipo zambiri. Banki Yaikulu Padziko Lonse itayendera masukulu a m'dzikoli modzidzimutsa mu 2014, inapeza aphunzitsi 45 pa 100 alionse kulibe pasukulu. Chaka cha sukulu chimayamba cha mu February, nthawi yomwe fodya akuthyoledwa ndi kusokedwa, ndipo m'boma lolima fodya ndi mbatatesi ngati ili, manja a mwana amafunika kuchigafa. Kuyambira 2004 ana amakwezedwanso kalasi mosavuta m'magawo oyambirira, n'chifukwa chake pauta imaoneka bwino pamene mutu wa mwana mulibe kanthu.

Koma vuto lalikulu lili pa lilime. Anthu a ku Angónia ndi Achewa ndi Angoni a kwa Maseko omwe anakhazikika kuzungulira phiri la Dómuè m'zaka za m'ma 1800, ndipo onse amayankhula Chichewa, chomwe boma limachitcha Cinyanja. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu omwe anayamwira Chipwitikizi sakwana mmodzi pa asanu alionse m'dziko lonse. Komabe mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akalowa m'kalasi tsiku loyamba, amalandiridwa m'Chipwitikizi. Aphunzitsi akanena liwu, kalasi yonse imabwereza mokuwa mpaka malata kunjenjemera. Akafunsa funso lofuna kuganiza, zii. Belu la kupuma likangolira, ana omwewo ali panja kukangana za phada ndi mpira wa chikulunga, akuwerengerana zigoli osaphonya ngakhale chimodzi. Nzeru alinazo, chomwe akuuzidwa kuti achite ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuphunzira zilembo ndi kuphunzira chinenero chachilendo.

Kunyumba thandizo ndi lochepa. Makolo ambiri a lero anakulira ku Dedza ndi Ntcheu pothawa nkhondo yomwe inatha mu 1992. Ena mwa iwo amawerenga Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo kutchalitchi popanda kudodoma, koma homuweki ya Chipwitikizi sangaigwire. Mayi wodziwa kuwerenga akusanduka mbuli pamaso pa mwana wake chifukwa cha chinenero cha buku basi.

Mankhwala ake anayesedwa kale, ndipo anayesedwera m'chigawo cha Tete chomwechi. Kuyambira 1993 mpaka 1997, pulojekiti ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Ofufuza anaona ana akufunsa mafunso ndi kuyankha momasuka, atsikana omwe. Mu 2003 boma linayamba kulola maphunziro a zinenero ziwiri m'masukulu ake, Chinyanja chili m'gulu. Papita zaka zoposa 20, koma ana ophunzira motere akadali ochepa poyerekeza ndi anzawo, ndipo kusowa kwa mabuku ndi aphunzitsi osulidwa bwino ndiko kumatchulidwa nthawi zonse.

Ku Angónia chifukwa chimenecho n'chosamveka. Zinenero zina za m'dzikoli zilibe mabuku okwanira, koma Chichewa chakhala chikulembedwa kwa zaka zoposa 100. Amishoni a ku Lifidzi ankaphunzitsa nacho katekisimu, ndipo tsidya lina la malire, ku Dedza, kuli mabuku a ana, nyuzipepala ndi aphunzitsi ochidziwa. Kalembedwe kamasiyana pang'ono, koma si kusiyana koti n'kulepheretsa mwana kuwerenga nthano. (A ku Malawi asanyade nazo izi: mu 2014 boma lawo linalengeza kuti Chingerezi chizigwiritsidwa ntchito pophunzitsa kuyambira Sitandade 1, ndipo ana akumidzi kumenekonso akulira ndi vuto lomweli.)

Makolo ena amakana. Amati sanatumize mwana kusukulu kuti akaphunzire zomwe amayankhula kale pamtondo, ndipo ntchito ya boma, ya kubanki kapena ya kumigodi ya malasha ku Moatize imafuna Chipwitikizi. Akunena zoona, ndipo palibe akuti Chipwitikizi chichotsedwe. Koma mwana amaphunzira kulumikiza zilembo kamodzi kokha pa moyo wake. Akadziwa kutero m'chinenero chomwe amamva, luso lomwelo amalitengera ku Chipwitikizi. Njira ya pano ikutulutsa ana osadziwa kuwerenga chinenero chilichonse mwa ziwirizi.

Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi yachisanu ndi chinayi, ndipo ku Ulongué komweko kuli nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya Zambeze. Mwana wa mlimi wa ku Dómuè sadzafikako ngati adutsa kalasi yachitatu akungobwereza mawu a aphunzitsi.

Ofesi ya maphunziro ya boma la Angónia ili ndi mphamvu yotumiza aphunzitsi odziwa Chichewa ku makalasi atatu oyambirira ndi kuchulukitsa makalasi a zinenero ziwiri. Makomiti a sukulu, momwe muli makolo ndi mafumu, akaipemphe zimenezi chaka chisanatsegulidwe, ndipo pauta ikamatuluka azifunsa kuti ndi ana angati omwe angawerenge tsamba limodzi mokweza.